Masitazi pa za ulamuliro wa m'maboma ndi chitukuko: ndiphunzire chiyani, ndipo ndikaphunzire kuti?

Nasibeko:
Moni nonse a pagulu lino. Nthawi zambiri ndimangowerenga zimene mumalemba, koma lero ndabwera kudzapempha uphungu, makamaka kwa inu amene munapitiriza maphunziro mutatenga digiri yoyamba. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya mapulani a chitukuko pa khonsolo ina ya m'chigawo chapakati, ndipo ndikufuna kuchita masitazi. Ndikusinkhasinkha pa maphunziro atatu: a za chitukuko, a kayendetsedwe ka ntchito za boma ndi ndondomeko zake, komanso a ulamuliro ndi mgwirizano wa mayiko a m'chigawo chino monga SADC ndi COMESA.

Chimene chikundivutitsa mumtima ndi ichi. Timatolera zofuna za anthu kuchokera ku ma VDC (makomiti a chitukuko a m'midzi), zimadutsa ku ma ADC (makomiti a chitukuko a dera la mfumu yaikulu), timazisanja bwinobwino n'kulemba dongosolo la chitukuko cha boma lonse la zaka zisanu, koma ndalama zikabwera, zimene zimamangidwa nthawi zambiri sizikhala zimene anthu anaika patsogolo. Mudzi umene unapempha mjigo umalandira chimbudzi cha pamsika, ndipo ife amene tinapita kukafunsa ndife amene timaoneka abodza. Ndikufuna kumvetsa chimene chimachititsa zimenezi, osati kungodandaula m'khonde la ofesi. Kodi ndi maphunziro ati amene angandithandize, ndipo ndibwino kuphunzira kuno kumudzi kapena kuyesa mwayi kunja?

Phiri wa ku Zomba:
Mayi Nasibeko, mwachita bwino kufunsa. Ine ndikuona kuti ndime yanu yachiwiri ndi yamtengo wapatali kuposa yoyamba, chifukwa muli nalo kale funso la kafukufuku, chinthu chimene ophunzira ambiri amafika nacho chaka chachiwiri asanachipeze. Dzina la digiri lisakusowetseni tulo. Funso lanu likhoza kuyankhidwa pansi pa maphunziro a za chitukuko kapena a kayendetsedwe ka boma, ndipo chofunika n'kuona kumene kuli mphunzitsi amene wakhala akufufuza za makhonsolo ndipo angakuyang'anireni mokhulupirika.

Musanalembe pempho lililonse, muidziwe bwino mbiri ya ndondomeko ya mphamvu ku anthu, chifukwa vuto mukulinenali lili ndi mizu yake. Ndondomekoyi pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono zinakhazikitsidwa mu 1998, ndipo makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka mu 2014, kutanthauza kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo ankayendetsedwa popanda oimira anthu osankhidwa m'mawodi. M'zaka zimenezo ma DC, aphungu ndi mafumu anazolowera kugawana ntchito imene inayenera kukhala ya makhansala. Mu 2006 munabwera thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kotero kuti aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo, nduna n'kukhala yosankha DC. Pamene makhansala 462 ankalowa mu 2014, anapeza kuti mipando yeniyeni yopangira ziganizo ili ndi eni ake kale.

Ndondomeko ya 1998 inanenanso kuti boma lizipereka ku makhonsolo 5 peresenti ya ndalama zimene limatolera kuti zigwire ntchito za chitukuko, ndipo kudandaula kwa makhonsolo kuti gawoli silifika lonse n'kwakale. Mukaziika pamodzi zinthuzi, mudzaona kuti dongosolo lanu la zaka zisanu likupikisana ndi njira zina za ndalama zimene sizidutsa m'dongosololo.

Mbewe (Leeds):
Achemwali, ine ndikulimbikitsani kuti muyese kunja. Si kuti kwathu kulibe aphunzitsi odziwa, ayi, koma pali zinthu ziwiri zimene ndinazipeza kuno zimene zinandisintha kaganizidwe. Choyamba ndi laibulale imene imakupatsani nkhani iliyonse yofalitsidwa m'magazini a kafukufuku tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi anzanu a m'kalasi. Ndinakhala pagulu limodzi ndi munthu wogwira ntchito m'boma la kaunti ina ku Kenya, ndipo kumva momwe malamulo awo a 2010 anakhazikitsira makaunti 47 n'kulamula kuti azilandira gawo losachepera 15 peresenti ya ndalama za dziko, kunandionetsa kuti kugawa mphamvu popanda kuteteza ndalama m'malamulo aakulu a dziko n'kugawa ntchito chabe. Mnzathu wina wa ku South Africa anatifotokozera za dongosolo la chitukuko lotchedwa IDP limene khonsolo iliyonse imakakamizidwa ndi lamulo la 2000 kulilemba ndi kulilumikiza ku bajeti, ngakhale iye mwini ananena kuti kulumikizako nthawi zambiri kumathera papepala.

Za ndalama zothandizira maphunziro, pali Chevening ya boma la Britain imene imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza, pali Commonwealth, komanso Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ntchito yanu ya pakhonsolo ikhoza kukupatsani mwayi waukulu pamaso pa osankha.

Nankhoma:
A Mbewe anena zoona pa za laibulale, koma ndikusiyana nawo pa mfundo yaikulu. Masitazi ambiri a ku Britain ndi a chaka chimodzi, ndipo nthawi yolemba kafukufuku ndi miyezi itatu yokha ya kumapeto. Funso la a Nasibeko silingayankhidwe muli pa desiki ku Leeds. Likufuna munthu wokhala pansi ndi wapampando wa ADC, woona ndi maso chipatala chimene chinaima pa zenera, wowerenga mabuku a misonkhano ya khonsolo tsamba ndi tsamba.

Ine ndinaphunzira kuno komwe ndikugwira ntchito, ndipo phindu lake linali loti zimene ndamva m'kalasi Loweruka ndinkaziyesa mu ofesi Lolemba. Ku University of Malawi kuli maphunziro a za chitukuko ndi a kayendetsedwe ka boma, ndipo Centre for Social Research yakhala ikuchita kafukufuku wa mtundu umenewu kwa zaka zambiri. Kuli LUANAR kwa amene mtima wawo uli pa chitukuko cha kumidzi, ndipo tsopano kulinso Malawi School of Government imene inaphatikiza MIM ya ku Kanengo ndi sukulu ya ogwira ntchito m'boma ya ku Mpemba. Kulikonse kumene mungasankhe, onetsetsani kuti maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, musanalipire ngakhale tambala.

Zovuta zake zilipo ndipo sindizibisa. Fizi imachokera m'thumba mwanu, ndipo kuphunzira uku mukugwira ntchito, uku mukusamalira banja, n'kotopetsa kwambiri. Anzanga ena anamaliza makalasi onse bwinobwino koma anakakamira pa kafukufuku kwa zaka, chifukwa mphunzitsi wowayang'anira anali ndi ophunzira ochuluka moti mutu umodzi unkakhala miyezi osabwezedwa. Choncho funsani amene anadutsapo kuti ndi angati amamaliza pa nthawi yake, ndipo mugwirizane ndi mphunzitsi wanu pachiyambi pomwe za masiku obwezera ntchito.

Gondwe:
Pepani kuti ndikulowerera, koma njira yachitatu ija yasiyidwa ngati yosafunika, pamene dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere ndipo moyo wathu umadalira ziganizo zopangidwa ku Maputo, Lusaka, Dar es Salaam ndi Gaborone. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, koma zombo sizinayambe kuyenda chifukwa panalibe kumvana ndi Mozambique pa za kugwiritsa ntchito mtsinje wa Zambezi. Imeneyo sinali nkhani ya simenti kapena mainjiniya, inali nkhani ya kusowa kwa mgwirizano wa pakati pa mayiko, ndipo anthu a ku Nsanje ndi amene akuona konkireyo ili chiimire mpaka lero. Mtengo wa feteleza ndi mafuta umatsamira pa momwe njira za Nacala ndi Beira zikuyendera. Namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 sanafunse chitupa pa chipata.

Pangano lokhazikitsa COMESA linayamba kugwira ntchito pa msonkhano wa ku Lilongwe mu 1994, ndipo malonda a pansi pa AfCFTA, pangano la msika umodzi wa mayiko a mu Africa, anatsegulidwa pa 1 Januwale 2021, koma anthu athu odziwa kukambirana mapangano otere ndi ochepa. Pan African University ili ndi sukulu ya za ulamuliro ku Yaoundé m'dziko la Cameroon imene imaphunzitsa masitazi a ulamuliro ndi mgwirizano wa mayiko. Mayi Nasibeko musaitaye njira imeneyi musanaione.

Phiri wa ku Zomba:
A Gondwe, mfundo yanu ndi yolemera, ndipo kukanakhala kuti mayiwa akugwira ntchito ku Mchinji kapena ku Mwanza n'kumafunsa za amalonda aang'ono odutsa pa chipata, ndikanawatumiza kwa inu. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene tsopano chimagwira ntchito ngati malo amodzi oonera katundu, pali funso labwino la momwe khonsolo imakhudzidwira ndi pangano limene sinalisainire. Koma limenelo ndi funso lina. Kafukufuku wa masitazi amafa akakula mopitirira muyeso, ndipo munthu woyesa kunyamula ADC ndi SADC m'buku limodzi amathera kulemba zapamwambamwamba pa zonse ziwiri.

Chisale:
Ndikhululukireni ngati ndilankhule mosakondweretsa. Dziko lino lili ndi anthu a masitazi ndi ma PhD ochuluka kuposa kale lonse, ndipo ambiri a iwo anaphunzira zomwezi za ndondomeko ndi chitukuko. Tinali ndi Vision 2020, tinali ndi ndondomeko ya chitukuko cha dziko ya MGDS yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, ndipo mu Januwale 2021 tinalandira masomphenya a Malawi 2063. Mapepala onsewa analembedwa ndi anthu ophunzira, ndipo ndi olembedwa bwino. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013 sikunachitidwe ndi anthu osadziwa kuwerenga. Ine ndikuona kuti vuto lathu si kusadziwa, koma kuti amene ali ndi mphamvu sapindula kanthu pozigawa. Mayi Nasibeko akadzabwera ndi digiri yawo, phungu adzafunabe mlatho pafupi ndi kumene kuli mavoti ake. Kodi digiriyo idzasintha chiyani kupatula giredi ya malipiro?

Nankhoma:
A Chisale, zimene mwanenazo ndiye phunziro lenilenilo. Maphunziro abwino a ndondomeko za boma saphunzitsa kulemba mapepala okoma okha, amaphunzitsa kufunsa kuti ndani akupindula, ndani akutaya, ndipo ndi lamulo liti limene likulola kuti zinthu zikhale momwe zilili. Tengani nkhani ya CDF yomweyi. Kwa zaka zambiri anthu ankangong'ung'udza kuti phungu sayenera kupanga malamulo, kugawa ndalama, n'kudzayang'aniranso yekha momwe ndalamazo zagwiritsidwira ntchito. Bungwe la makhonsolo la MALGA linaitengera nkhaniyi ku khothi, ndipo mu 2025 oweruza ananena kuti udindo wa aphungu pa thumbali komanso kuvota kwawo m'khonsolo n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlandu wotere sapambana ndi mkwiyo wokha, umafuna anthu odziwa kusanja umboni ndi kuwerenga malamulo.

Onaninso ku Zambia, kumene mu 2022 anakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya kwawo pa dera lililonse. Funso loti kodi makhonsolo ali ndi mainjiniya, owerengera ndalama ndi ogula katundu okwanira kuyendetsa ndalama zochuluka chonchi mwadzidzidzi ndi funso limene ife tikukumana nalonso, ndipo silingayankhidwe ndi kukhumudwa.

Chisale:
Ndamva, mayi. Ndikungopempha kuti zotsatira za kafukufukuyo zisakathere pa shelefu ya laibulale, chifukwa ambiri amene ndawaona amathera kumeneko.

Nabanda:
Ine ndiyankhulepo za luso, popeza ndimagwira ntchito yolondoloza mapulojekiti ndipo ndimaona kumene anthu a masitazi amapunthwa. Posankha sukulu, yang'anani ngati pali maphunziro olimba a njira zochitira kafukufuku, kuphatikizapo kusanthula manambala ndi za chuma cha boma. Munthu wodziwa nthanthi zonse za ulamuliro wabwino koma wosatha kuwerenga bajeti ya khonsolo sangayankhe funso la a Nasibeko.

Mwayi ulipo woti zambiri zofunika zilipo kale. Ofesi ya ziwerengero za dziko ya NSO ku Zomba ili ndi zotsatira za kalembera wa 2018 ndi za kafukufuku wa m'makomo wa IHS, zimene zingakuonetseni madera osauka kwambiri m'boma lililonse. Bungwe la kafukufuku la Afrobarometer lakhala likufunsa Amalawi maganizo awo pa makhansala, aphungu ndi mafumu. NLGFC, komiti yoona za chuma cha makhonsolo, ili ndi ziwerengero za ndalama zopita ku makhonsolo onse, ndipo kuyambira pamene pulojekiti yolimbikitsa makhonsolo ya GESD yothandizidwa ndi World Bank inayamba mu 2020, makhonsolo a m'maboma amapimidwa chaka ndi chaka n'kupatsidwa ndalama molingana ndi momwe achitira. Palinso malipoti a mkulu wofufuza za ndalama za boma, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020.

Koma umboni wamphamvu kwambiri uli pansi. Mlembi wina wa ADC ananditulutsira buku lachikuto cholimba limene ankalisunga m'jumbo pansi pa matiresi kuopa chiswe. M'bukumo munali mndandanda wa zofuna za dera lake wolembedwa ndi bolopeni, chaka ndi chaka, ndipo nyumba ya aphunzitsi pa sukulu ina inali pa nambala wani zaka zotsatizana popanda chizindikiro choti yamangidwa. Mabuku otere ali m'madera ambiri ndipo palibe amene anawasonkhanitsa. Mukawajambula n'kuwayerekeza ndi mndandanda wa zimene zinalipiridwa, mudzakhala ndi chinthu chimene ngakhale phungu sangachikane.

Chenjezo limodzi lokha: kufufuza khonsolo imene mumagwirako ntchito n'kovuta. Anzanu adzakuuzani zimene akuganiza kuti bwana akufuna kumva, ndipo mukapeza zolakwika mudzakhala pa mpanipani. Mufunikanso chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa, ya pa yunivesite kapena ya ku bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku la NCST, ndipo mayina a anthu okuuzani zinthu muyenera kuwabisa zenizeni, chifukwa m'boma laling'ono mawu oti "mkulu wina wa za chuma" amaloza munthu mmodzi yekha.

Nasibeko:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndikuona tsopano kuti mtima wanga uli pa makhonsolo, ngakhale nkhani ya a Gondwe ndidzaiwerenga ndithu. Ndikuganiza zotenga maboma awiri osakhala langa, n'kuyerekeza zimene ma ADC anapempha ndi zimene zinamangidwa ndi ndalama za CDF, za DDF (thumba la chitukuko cha boma lonse) ndi za GESD, kuti ndione njira ya ndalama imene imamvera anthu kwambiri. Chimene sindikudziwa pochiika ndi udindo wa mafumu. M'khonsolo savota, koma kumudzi palibe chimene chimayenda iwo asanavomere.

Kamanga (wopuma pantchito):
Mwana wanga, ndinagwira ntchito m'maboma kuyambira nthawi ya ma DDC, komiti zachitukuko zimene zinkatsogoleredwa ndi DC m'masiku a chipani chimodzi, mpaka nthawi ya pulojekiti yachitukuko ya MASAF imene midzi inkaumba njerwa yokha kuti ilandire malata ndi simenti. Mafumu musawasiye kunja kwa kafukufuku wanu, chifukwa malo omangapo chilichonse amachokera kwa iwo, ndipo ngakhale malamulo a malo a 2016 anabweretsa makomiti a za malo, anthu amapitabe kwa a nyakwawa ndi a gulupu poyamba. Nthawi zina mndandanda wa ADC umasintha pakati pa msonkhano ndi ofesi ya DC, ndipo mukafufuza modekha mudzapeza kuti wasintha pa khonde la mfumu kapena m'galimoto ya phungu. Nthawi zinanso mfumu yomweyo ndi imene imateteza zofuna za anthu ake pamene khansala akuopa chipani. Musapite ndi chigamulo m'thumba.

Mukafika m'dera, yambani mwakaonekera kwa gogo chalo, fotokozani cholinga chanu m'chinenero cha anthuwo, ndipo nenani poyera kuti simunabwere ndi chitukuko, chifukwa akangoganiza kuti mwabwera ndi thandizo adzakuuzani mavuto okhaokha. Amayi muwafunse paokha, popeza pamaso pa mafumu ndi amuna ambiri sayankhula. Mukadzamaliza, mubwerere ku ma ADC omwewo ndi masamba awiri kapena atatu a m'Chichewa ofotokoza zimene mwapeza. Anthu a kumidzi afunsidwa mafunso ndi ofufuza ambirimbiri amene sanabwererenso, ndipo atopa nazo. Apo mudzakhala mwayankhanso nkhawa ya a Chisale.

Mbewe (Leeds):
Ndikuvomereza kuti pa funso limeneli chaka chimodzi n'chochepa. Komabe, achemwali, mukhoza kuchita masitazi kwathu n'kudzayesa PhD kunja mutanyamula umboni wa mabuku a ma ADC aja, ndipo pempho lotero limaoneka losiyana ndi mazana a mapempho ongonena kuti akufuna kuthetsa umphawi. Yang'ananinso ku mayunivesite a ku South Africa, kumene kuli masitazi a kafukufuku wokhawokha amene amalola munthu kubwera kudzatolera umboni kwawo.

Phiri wa ku Zomba:
Mayi Nasibeko, dongosolo lanu layamba kuoneka. Ndiwonjezere zitatu zokha. Yambirani mu 2014 pamene makhansala anabwerera, kuti musasakanize nthawi ziwiri zosiyana, ngakhale ndalama za GESD zidzangooneka m'zaka zakumapeto. Posankha maboma awiriwo, tengani limodzi limene lakhala likuchita bwino pa kupimidwa kwa makhonsolo ndi lina limene lakhala likutsalira, koma akhale ofanana pa kukula ndi pa ulimi wawo, kuti kusiyana kumene mungapeze kusakhale kwa nyengo kapena kwa misewu. Ndipo musaganize kuti chilichonse chimene ADC inapempha n'cholondola, chifukwa nthawi zina ofesi ya zaumoyo imakana chipatala pa malo ena pa zifukwa zomveka, monga kuyandikana ndi chipatala china kapena kusowa kwa anamwino. Kafukufuku wanu ayenera kusiyanitsa kukana kwa akatswiri ndi kupotoza kwa ndale, apo ayi adzakutsutsani mosavuta.

Lembani masamba awiri okhala ndi funso lanu, maboma amene mwasankha ndi umboni umene mudzagwiritse ntchito, kenaka muwatumize kwa aphunzitsi awiri kapena atatu a m'masukulu osiyana musanalembetse. Amene akuyankheni ndi mafunso ovuta ndiye woyenera kukuyang'anirani.

Nasibeko:
Zikomo bambo Phiri, masamba awiriwo ndiyamba kuwalemba sabata ino. A Nabanda, ndikupempha kuti mundiuze kumbali njira imene munatsata popempha ziwerengero za ku NLGFC, komanso ngati ndalama za DDF zimalembedwa mosiyanitsa pulojekiti iliyonse kapena zimangoikidwa pamodzi pa boma lonse, chifukwa zimenezo zindithandiza kudziwa ngati ndingathe kuzilondola mpaka ku dera la mfumu.